Anawaona M'matope

Ku koleji ndinaphunzira za chuma. Anatiphunzitsa kuti wofuna ntchito amadziikira malire mumtima, kuti yochepera apa sindilola, ndipo miyezi ikamatha osapeza kanthu, wanzeru amatsitsa malirewo.

Malemu akazi anga anaphunzira ulimi wothirira. Titakwatirana tinkakhala ku Balaka, ine ndikuphunzitsa kusekondale, iwo ali pakhomo, dipuloma ili m'sutikesi. Ndinkawalembera makalata ofunsira ntchito m'Chingerezi chosalala. Palibe ndi imodzi yomwe inayankhidwa.

Patatha chaka, mwini sitolo ya mafoni ku Liwonde anawafuna. Ndinkaopa kuti akakhalitsa pakhomo palibenso adzawalembe.

"Lolani, mayi. Tsitsaniko malire."

"Iyayi, aphunzitsi, zimenezo kalembeni pabolodi. Ine ndinaphunzira za madzi, osati za machaja."

M'malo mwake anayamba kulawirira pa minibasi ya ku Ulongwe, kuchoka apo pa kabaza mpaka kuminda ya mpunga, kumene gulu la alimi linkakonza ngalande. Palibe anawaitana. Ankangomanga chitenje, kubwereka khasu, n'kulowa m'matope. Madzulo ndinkawaona akutsuka mapazi ong'aluka.

Sabata yoyamba yomweyo anaona vuto: ngalande inakumbidwa mopendeka, madzi ankathera m'minda ya kumtunda, ya kumunsi n'kumauma. Koma mlendo, komanso wamkazi, sadzudzula akuluakulu pagulu. Anadikira. Tsiku lina akusamba m'manja ndi akazi a tcheyamani wa gululo, anangoti, "Amayi, kodi atati adzaze dothi pang'ono apo, sangafike madziwa kwa anzathu?" Mawa lake tcheyamani analamula zomwezo ngati nzeru zake. Madzi anafika.

Loweruka lina tcheyamaniyo anatulukira pakhomo pathu, mkulu wa kofiya yoyera. Mwa mwambo anayamba ndi ine.

"Tabwera kudzapempha akazi anuwa kuti aziyang'anira madzi. Gulu liziwalipira."

Ndinathamangira kusutikesi n'kuwapatsa dipuloma ndi manja awiri. Sanaitsegule n'komwe.

"Sungani pepalalo, achimwene, lingade. Ife tinawaona m'matope."

Akazi anga anali chogwada pakhomo, maso pansi, akulimbana ndi chiseko.

Anagwira ntchitoyo zaka ziwiri. Atamwalira, alimi a kumunsi anabwera pa lole, amayi awo n'kulanda makhitchini onse a pamaliro. Achibale anga ankandifunsa kuti anthu amenewa ndi ndani. Ndinkayankha kuti ndi mabwana a akazi anga.