Siginecha ya Mayi a Mabotolo

Pamalo oyeretsera madzi oipa, kuseri kwa fakitale yonyika nsalu, aliyense amawatchula kuti Mayi a Mabotolo. Zaka makumi awiri akhala akutsika masitepe oterera, kutunga madzi m'madamu, kukwera nawo kukayeza. Maondo anatha kalekale. Ukawapatsa moni amangoti tadzuka, nanga n'kutani.

Utoto amaudziwa ngati ana awo. Madzi akabwera obiriwira, ndiye kuti kufakitale akunyika mayunifolomu. Akafiira, nsalu za makatani. Ntchito anaiphunzira ndi maso: kweza botolo padzuwa, mtundu ukatha saina, atsegule geti, madzi apite kumtsinje. Kumtsinje komweko mchimwene wawo ali ndi dimba. Ndi iwo amene anamulimbitsa mtima kuti azithirira masamba mopanda nkhawa, poti madziwo amayeza okha.

Chaka chatha kunabwera makina atsopano, okhala m'chipinda chozizira bwino kuposa cha anthu. Mayiwo anawaphunzira monyinyirika, magalasi ali pamphuno. Makinawo ndiwo anaulula zimene diso linkaphonya: tizilombo ta m'madamu tikaphwanya utoto, mtundu umatha, koma zotsalira zake zimakhalabe m'madzi, zosaoneka, zina zoopsa kuposa utoto weniweniwo. Anayeza katatu, poganiza kuti mwina manja okalamba alakwitsa. Ayi ndithu. Madzi ali mbee, pepala likuti poizoni.

Atawaonetsa pepalalo, abwana anati madamu adzaza, angosaina basi, zinazo akakambirana kumsonkhano. Misonkhano ya pamenepo, abale inu, ndi manda a nkhani. Mayiwo anabweza cholembera m'thumba. Sanakalipe, mphamvu zokalipira analibe. Anangoti dzanja latopa. Abwana anasaina okha, geti n'kutsegulidwa.

Mayiwo ataweruka anakwera basi mpaka kudimba. Anapeza mchimwene wawo ali ndi kheni yothirira m'manja, mabedi onse atanyowa, mlamu wawo akutsuka masamba m'ngalande. Anafotokoza pang'onopang'ono, manyazi atawagwira, kuti madzi amenewo awaleke.

Bamboyo anaika kheni pansi n'kuyang'ana m'ngalandemo. Mchenga unkaoneka mpaka pansi.

"Achemwali, madziwa ayamba liti kuipa?"

Mayiwo akanatha kunena kuti sabata yomweyi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma bodza nalonso limafuna mphamvu.

"Chiyambire sanakhalepo abwino, achimwene," anatero. "Ine ndinkangosaina."