Mawu Ofiira a Apenti

Anthu ankangowatchula kuti Apenti, ngakhale akazi awo omwe. Kwa zaka makumi awiri ntchito yawo inali yolemba machenjezo pa nyumba zakale zimene woyendera nyumba wazipeza ndi ming'alu. Chingerezi ankachidziwa mwapatalipatali, choncho mawu akawavuta ankapita nawo kwa mlamu wawo, mphunzitsi, yemwe ankawaseka kuti amapenta zimene sangathe kuwerenga.

Mlamuyo ndiye anawauza kuti mawu atatu amene ankalemba kawirikawiri safanana. "Looming" ndi ngozi imene ukuiona patali ngati mtambo wakuda. "Impending" ndiye kuti yanyamuka kale, ili m'njira, koma tsiku silikudziwika. "Imminent" ndi ngozi yoti yafika pakhomo, ikungopukuta mapazi.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, woyendera nyumba uja anawatuma Apenti kukalemba mawu achitatuwo pa nyumba ina yosanja imene anthu anasamukamo kale. Ali pamakwerero, penti yofiira ikuyenderera mpaka m'chigongono, anamva wina akutsokomola pamwamba pawo. Pawindo lopanda galasi panali mayi wachikulire akuyanika kansalu konyowa. Mayiwo anapereka moni bwinobwino, kenako anafunsa tanthauzo la zolembedwazo. Apenti anafotokoza monga anaphunzirira, n'kuwachonderera kuti atsike msanga.

"Mwachedwa nawo mawuwo, bambo," anatero mayiwo mofatsa. "Komabe malizani, musasiyire panjira."

Anamalizadi, n'kuthamangira kwa woyendera nyumba kukanena kuti m'nyumbamo muli munthu. Iye anati masitepe a mmenemo anagwa chaka chatha, ndipo palibe angakwere pamwambapo popanda chingwe. Za amene anali pamasitepepo tsiku limenelo sanafune kunena.

Apenti anabwererako okha. M'windo muja munali bii, koma pansi pake, pakhoma, panali mzere wa madzi osauma. Anaitana katatu. Kunali zii.

Nyumbayo inagwa Lachinayi m'mawa, popanda wovulala. Sabata yomweyo Apenti anakabweza makwerero ku ofesi ya woyendera nyumba, osapereka chifukwa. Masiku ano amalemba zikwangwani za ometa tsitsi ndi osoka nsapato. Akazi awo amati akamadutsa pansi pa nyumba yosanja amayenda maso ali pansi, ndipo wina akawaitana kuchokera pamwamba satukula mutu.