Khola la Mbira Zanga ku Matema

Lero mwana wanga wanyowetsa chiguduli pokolopa, ndipo fungo lake landibweza ku Matema m'tauni ya Tete, kuseri kwa kachipinda ka malata komwe tinkapanikizana banja lonse.

Ndili wamng'ono, azakhali anandibweretsera mbira ziwiri kuchokera kwathu ku Angónia. Ndinaziika m'katoni. Dzuwa lisanapendeke zinali zitagona chafufumimba, zikupuma mwawefuwefu.

"Izi ndi za kozizira ngati ife," anatero ababa. "Kutentha kwa Tete kuzipha."

Ataweruka kumsika, komwe ankasenza matumba a mbatatesi, anayamba kuphwasula mabokosi a tomato. Misomali yakale ankaiwongola ndi mwala, ina atailuma pakamwa. Khola linatuluka lalikulu moti ndinkalowamo n'kugona motambalala. Denga anafolera udzu, pansi anathira mchenga wa ku Zambezi, m'mbali anapachika ziguduli zoti ndizizinyowetsa masana aliwonse.

Amayi anaseka. "Abambo a Rosa, mbira zomwezi mpaka nyumba yoposa yathu?"

"Zisiyeni zithamange," anayankha osatukula mutu.

Mbira zinadzuka, zinanenepa, zinaswana. Koma ine kamtima kankandiwawa, ndinkati ababa amakonda mbira kuposa ife amene tinkapsa m'malata. Lamulungu masana ndinkawapeza atakhala pansi pambali pa kholalo, atatsamira chiguduli chonyowacho, atatsinzina.

Pano ndakula ndipo ndazindikira: ababa analibe ngakhale phazi limodzi la malo awoawo m'tauni muno, koma ndi mabokosi a tomato anamanga ka Angónia kakang'ono, n'kundipatsa ine.