Odwala Ali Kunsi kwa Bedi

Lachitatu ndinapita kukaona amayi kuchipatala, kumene anagonekedwa ndi chibayo. Pabedi ndinapezapo amayi aakulu a ku Chinsapo, amene tinawasiya kuti aziwadikirira, atafunda bulangete mpaka m'khosi, akudya nthochi. Odwala eniakewo anali kunsi kwa bedi, pasimenti, akutsokomola ngati minibasi yokana kulira.

Nditafunsa, amayi anandinong'oneza: "Iwe, ine ndigone pamwamba akulu anga ali pansi? Anthu amve zotani?"

Abale inu, nkhaniyi inayamba tsiku lomwe anafika. Dokotala amadutsa m'mawa mothamanga, wodi ili yodzaza mpaka pakhomo, n'kupima chifuwa cha amene wamupeza pabedi. Tsiku ndi tsiku ankadabwa mmene gogoyu akuchirira msanga. Mapiritsi amamwa ndi amayi aakulu, ati kukanira namwino ndi mwano. Odwalawo ntchito yawo inali kutsuka mbale.

Tsono tsikulo dokotala anali atanena kuti achira, azipita. Katundu anali atamangidwa kale, amayi akukonzeka kusenza.

Mtima wanga unapsa. Namwino nditamufotokozera anaseka mpaka kugwira khoma, koma atakhudza chipumi cha amayi kuseka kunathera pomwepo.

Inunso mukuseka, ndikudziwa. Koma tandiuzani, nkhalamba ikadwala m'tauni muno amaidikirira ndani? Ife a ku Kawale timalawirira kuntchito, bwana safuna kumva za chibayo cha munthu. Timatenga nkhalamba ina, n'kuipatsa mphasa ndi poto, basi tathana nazo. Kenaka timayamba kudandaula: akawasunga nthawi yaitali, ati chipatala chikuchedwetsa, akawatulutsa msanga, ati chawathamangitsa. Amene wagona pabedipo sitimudziwa n'komwe.

Amayi anawakweza pabedi mochita kukakamiza, masiku n'kuyamba kuwerengedwa mwatsopano. Namwino anati apimenso amayi aakulu, poti amwa mankhwala a eni. Anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, nawonso anawapatsa bedi loyandikana.

Tinakhala pansi monga banja kufuna wowadikirira awiriwo. Aliyense ali ndi ntchito. Womasuka anapezeka mmodzi yekha: azakhali awo a ku Mtandire, oyendera ndodo, amene anawalera onse awiri.

Dzulo ndinawaperekeza. Tisanafike n'komwe pakati pa wodi, ndinaona amayi, diripi ili pamkono, atatsitsa kale mwendo umodzi.