Chombo Cholendewera Kudenga Kwathu

Amuna anga pochokera ku Joni anabwera ndi mabokosi atatu. Anzawo ankabwera ndi mawailesi, ena njinga zamoto, iwo mabulangete awiri ndi mabokosiwo basi. Kumene ankasamalira maluwa, mwana wa abwana atakula anataya zidole zake, zina zosatsegula n'komwe, iwo n'kutola. Pamwamba pa bokosi lililonse panali chithunzi cha chombo chouluka pakati pa nyenyezi, cha m'mafilimu aja a nkhondo zakumwamba. Koma mkatimo munalibe chombo. Munali tizidutswa ta pulasitiki totuwa, tambirimbiri, togwirana ngati minga ya nsomba, kalikonse ndi nambala yake, ndi pepala la zithunzi losonyeza kuti aka kalowe apa, ako kalowe apo.

Iwo kwawo ndi ku Ntaja. Kwathu kuno kwa Kalembo anabwera chikamwini, n'kumanga nyumba pamalo amene amjomba anga, alongo awo a amayi, anawalozera. Mkamwini ndi mlendo, olo akhale zaka zingati. Ankadziwa zimenezo, ndiye sankayendayenda. Amuna anzawo akapita ku bawo, iwo ankayala mphasa pakhonde lakuseri n'kutsegula bokosi.

Ndinkakhala nawo. Ichi ndinene poyambirira, chifukwa n'chimene chimandidya mumtima. Ndinkakhala nawo pamphasa yomweyo, mwana wathu wamkazi ali kumsana, maso anga ali pansi kuopa kuti kachidutswa kangagwe mwana n'kudzameza. Ankadula ndi lezala, n'kupala pamene aduladulapo mpaka posalala, n'kudontheza guluu ndi kamtengo ka machesi. Fungo lake linkandizunguza mutu.

"Mayi a mwana, tagwirani apa. Muwerenge mpaka makumi atatu. Musapume mwamphamvu."

"Ndife chifukwa cha chidole?"

"Mukafa mufere uko, musagwere paphiko."

Ndinkaseka, iwo n'kukalipa kuti ndagwedeza. Munalinso timapepala ta mizere yofiira ndi manambala, toviika m'madzi mpaka chithunzi chitatereka chokha. Zala zawo n'zazikulu, za khasu, ankangong'amba. Ndiye timapepala tonse ndinamata ndine. Kamunthu koyendetsa, kochepa ngati nyemba, ndinakapaka utoto ndine ndi nthenga ya nkhuku, chisoti choyera, malaya ofiira, ndipo pokalowetsa pampando wake ndinagwiritsa chotokosera m'mano. Patatha miyezi iwiri chombo choyamba chinatha. Anachimangirira kudenga ndi twaini wa mbedza, pamwamba pa pamene timadyera, mwana akachiona ankaloza n'kumakuwa.

Dzinja lomwelo tinaika mwana wa achemwali anga. Anatentha thupi masiku awiri basi. Kuchokera pamenepo ine sindinkagona bwino, dzanja langa linkangokhala pachipumi cha wanga. Ndiye tsiku lina masana ndikusenda chinangwa ndinangoona mwana wauma, maso atembenuka, miyendo ikugwedezeka, ndinakuwa, sindikumbuka kuti ndinati chiyani, ndikumbuka abambo ake akupalasa njinga ine kumbuyo nditamufungatira ndikumuitana dzina njira yonse. Kuchipatala anamubaya chala n'kunena kuti ndi malungo. Anatipatsa mankhwala. Mwana anapeza bwino sabata imodzi, kenako thupi linatenthanso.

Amayi aang'ono anabwera kudzazonda. Potsegula chitseko mphepo inalowa, chombo chija n'kutembenuka pang'onopang'ono mpaka mphuno yake kuloza pamene mwana anagona.

"Ichi n'chiyani?"

"Chidole cha abambo ake."

"Chidole? Munthu wandevu zake?" Anayandikira, manja ali kumbuyo. "Mkatimo muli munthu."

"Ndi wapulasitiki, amayi."

"Mwanawe, unabadwira kuti? Anthu aja lichero lokha amafika nalo ku Joni n'kubwerako kusanache. Nanga ichi chochokera komweko? Ndiye ukuganiza kuti mafuta ake chimamwa chiyani?"

Anangoyang'ana mwana, milomo yake yoyera ija.

Ndinkadziwa. Ndinali nditagwira phiko lililonse ndi manja anga. Koma mawu aja analowa ngati njere ya thonje m'khutu, osatuluka. Ndinayamba kuchiyang'anira. M'mawa uliwonse ndisanasese ndinkaona kumene mphuno yaloza, dzulo inali kukhomo, lero ili kuzenera, mtima n'kuti phaa. Mutu unkati ndi mphepo, mimba inkati nanga ukudziwa bwanji. Amuna anga sindinawauze kanthu. Ankabwera kuchokera kumunda n'kumunyamula mwana, ine ndinkayang'ana manja awo.

Nkhani inayenda pamjigo, inafika kwa achemwali anga amene maliro anali asanawachoke m'maso. Lachitatu lake amjomba anatiitana.

Amjomba si munthu wankhanza, ndisawanamizire. Anatikhazika pakhonde pawo, anthu a pabanja okhaokha, mwina khumi. Chombo anachiika pakati pa bwalo, palibe anafuna kuchigwira, achemwali anachitembenuza ndi ndodo. Amuna anga poyamba ankaseka. Anabweretsa bokosi lachiwiri n'kulitsegula pamaso pa onse.

"Apongozi, taonani. Iyi nambala seveni, papepala apa seveni. Ana a azungu amasewera nazo izi. Chiuluke bwanji, batire chilibe, olo waya."

"Lichero lili ndi batire?" anatero amayi aang'ono. Ena anaseka, kuseka kosakoma.

Amjomba anakweza dzanja. "Akamwini, ife za ku Joni sitizidziwa, tisanamizane. Koma m'nyumbamo mumakhala awiri. Timve kwa mwini nyumba." Anatembenukira kwa ine. "Iwe, chinthuchi umachidziwa? Ukatiuza kuti n'chidole, nkhani yathera pompano, akamwini akhale, aliyense azipita kumunda. Ukakayika, ine sindingasunge mlendo amene mwana wanga yemwe akumukayikira."

Anandipatsa njira yoyera chonchi. Mwana anali pamiyendo panga akutentha ngati mbale yapamoto, achemwali akundiyang'ana, ndipo ndinaganiza, ndikanena kuti kamunthuko ndinapaka ndine, mawa adzati tili awiri. Ndinaganizanso, nanga zikakhala zoona, mwana n'kufa ine nditaikira kumbuyo. Zonsezi zinadutsa nthawi imodzi. Pakamwa panatuluka izi:

"Masana ndimachiona. Koma ndikagona sindidziwa."

Amuna anga sanakalipe. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana zala zanga, kenako anapinda pepala lija bwinobwino m'mapindo ake akale n'kuliika m'bokosi. Chombo abale anga anachitentha pomwepo ndi mapesi. Pulasitiki inasungunuka n'kumadontha, utsi wakuda, amayi aang'ono n'kumati taonani chikulira. Amjomba anati, "Akamwini, mupite kaye kwanu mphepo idutse." M'mawa mwake amuna anga anamangirira chikwama ndi mabokosi awiri otsala panjinga, anamugwira mwana patsaya, ine sanandilankhule.

Mwana sanachire. Masiku awiri otsatira anafooka mpaka kusiya kuyamwa, ndinathamanga naye kuchipatala chachikulu ku Balaka, anati magazi achepa chifukwa malungo aja sanathe, anatigoneka, anamuwonjezera magazi. Tinatuluka akuseka. Nditafika kumudzi amayi aang'ono anandilandira panjira ndi nthungululu.

"Waona? Tachitentha, mwana wadzuka!"

Ndinali ndi kabuku ka kuchipatala m'manja, zonse zolembedwa. Ndinangoti, "Eya, amayi." Kawiri tsopano ndabisa zoona.

Titakolola ndinakwera galimoto kupita ku Ntaja. Amuna anga ndinawapeza pamsika, pamene amaima akabaza anzawo, akupukuta mpando wa njinga. Mwana anawazindikira asanatione, anayamba kudumpha kumsana. Anamutenga, anamugulira chitumbuwa, tinakakhala kuseri kwa golosale pamthunzi. Anzawo ankatiponyera mawu, "Achimwene, katundu wabwera yekha lero!" Iwo osaseka.

"Bambo a mwana, ndinalakwa."

"Ndifunse chimodzi. Munkaopa anthu, kapena munakhulupiriradi?"

Ndikanatha kunena kuti anthu. Zikanapepuka. Koma ndinali nditawanamizira kale kokwanira.

"Zonse ziwiri. Tsiku limenelo ndinakhulupirira."

Anachotsa nyenyeswa pachibwano cha mwana.

"Mwana wanga yemwe," anatero. Sikunali kufunsa.

Ndinawapempha kuti abwerere, amjomba anali atanena kale kuti mphepo yadutsa. Anapukusa mutu.

"Yadutsa kwa iwo. Ine ndikafika kumeneko ndine mfiti imene anaikhululukira. Mwana wa aliyense akatsokomola, maso kwa ine. Iyayi, mayi a mwana. Mukaitanitse anthu omwe aja, pakhonde lomwe lija, mukanene zimene manja anu anachita ndi zimene adokotala analemba. Mukatero munditumizire mawu, ndibwera tsiku lomwelo."

Si zambiri zimene anapempha. Pobwerera m'galimoto ndinayeseza mawu onse, mpaka ku Liwonde ndinali nditawaloweza.

Kwa amjomba ndi pafupi, ukaima pakhomo panga umaona denga lawo. Ndapitako kawiri. Ulendo woyamba ndinapeza achemwali atakhala pakhondepo akusankha nandolo, ndinapereka moni n'kubwerera. Ulendo wachiwiri amjomba anali okha, akusoka thumba. Anandiyang'ana bwinobwino, ndikukhulupirira kuti anadziwa.

"Wabwera ndi mawu, mwanawe?"

Mwana anatsokomola kumsana, kamodzi kokha, kachifuwa wamba.

"Iyayi, amjomba. Ndimafuna mundibwereke nkhwangwa."

Anandipatsa. Ndinainyamula mpaka kunyumba, nkhuni zowaza ndilibe, ndinaitsamiritsa kuseri kwa chitseko. Patha masabata atatu ili pomwepo, ndipo abambo ake a mwana akadali ku Ntaja, akudikira mawu.