Mkaka wa m'chitini umene unadwalitsa Elube

Chizindikiro choyamba ndinachiona pa matewera. Linali Lachiwiri, mwezi wa Januwale, chaka chimene ndalama zinasintha kuchoka pa mapaundi kukhala makwacha. Elube, mwana wanga woyamba, anali ndi miyezi isanu. Pofika masana ndinali nditachapa kanayi, ndipo chimbudzi chake chinali chamadzimadzi, chobiriwira. Thupi silinatenthe. Ndinaganiza kuti ndi mano, chifukwa ndi zimene aliyense ankanena mwana akatsekula m'mimba.

Nthawi imeneyo n'kuti Elube atatha miyezi iwiri akumwa mkaka wa m'chitini. M'zaka zimenezo ku Domasi kunkabwera zakudya ndi zakumwa zatsopano, anthu n'kuzitengera pamutu, kenako n'kuzisiya. Panali nthawi imene aliyense ankathira timapiritsi totsekemera ta sakalini mu thobwa, mpaka tinatopa ndi kuwawira kwake kukhosi. Kunabweranso sikwashi wa malalanje, amene mlendo akapanda kupatsidwa ankaona ngati sanalandiridwe. Mkaka wa ana unabwera chimodzimodzi. Tinayamba kuuona kwa akazi a aphunzitsi ndi a makalaliki. Kutchalitchi mwana akalira, iwo sankatulutsa bere ngati ife, ankangopisa m'chikwama n'kutulutsa botolo. M'sitolo ina ku Zomba munali chithunzi cha mwana wamasaya atagwira botolo ndi manja onse awiri. Amayi tikakumana tinkauzana kuti mkaka umenewu ndi wamphamvu kuposa wa m'mawere, ndipo panalibe wotsutsa.

Amuna anga, a Faisoni, anali mesenjala pa ofesi ina ku Zomba. Ankagona konko, n'kumabwera kumudzi Loweruka pa njinga. Ndiwo anabwera ndi botolo ndi chitini choyamba, akuti mwana wathu asasiyane ndi ana a mabwana awo. Ine ndinakondwa. Inali nyengo yowokera mpunga, ndipo tsopano ndinkatha kusiya mwana ndi amayi anga n'kukhala kumunda tsiku lonse.

Malangizo a pachitini anali m'Chingerezi. A Faisoni anandiwerengera kamodzi, ine n'kusunga m'mutu zimene ndinatha. Chitini chinkayenera kukwana mpaka iwo abwere ndi china, choncho chikayamba kuchepa ndinkachepetsa masipuni, bola madzi aoneke oyera. Madziwo ndinkatunga kumtsinje, ndipo m'dzinja amakhala ofiira. Ndinkawasiya mumtsuko kuti adikhe. Kuwiritsa ndinkawiritsa nkhuni zikakhala zouma, koma mwezi umenewo mvula sinkakata. Botolo ndinkangolitsukuluza. Mawere anga anali ataphwa, popeza mwana anasiya kuyamwa.

Lachisanu Elube anayamba kusanza. Lamulungu liwombo linalowa, ndipo amayi anamata mankhwala a zitsamba pamutu. Sabata yachiwiri maso analowa m'kati, kulira kunachepa mphamvu, ndipo mapazi anayamba kutupa. Ndikadina ndi chala, pankatsala dzenje. Apa m'pamene amayi anatchula mawu amene ndinkawaopa, akuti ili ndi tsempho. Kwathu anthu ankakhulupirira kuti mwana amatupa chotero bambo ake akayenda ndi mkazi wina.

Loweruka a Faisoni atafika anapeza amalume anga, a Mikayeli, akuwadikira pakhonde.

"Mkamwini, mwana satupa miyendo popanda chifukwa," anatero amalume. "Ululani za ku Zomba kuti mwana achire."

"Ndilibe choulula," anayankha a Faisoni. "Koma ngati kunena bodza kungachiritse mwanayu, ndiuzeni dzina loti nditchule."

Nkhani inakambidwa tsiku lonse, mawa lakenso anthu atachoka kutchalitchi. Ine ndinali kumbali ya amalume, ndipo amuna anga sindinawalankhule. Masiku awiri amenewo mwana ankamwetsedwa mankhwala a tsempho, ndipo ankangosanza. Lolemba m'mawa a Faisoni sanapite kuntchito. Anapopa matayala a njinga, n'kundiuza kuti ndibereke mwana. Sanapemphe chilolezo kwa aliyense. Linali tsiku lakhumi ndi chinayi chiyambireni matenda.

Kuchipatala cha mishoni tinafika cha m'ma naini, titakankha njinga m'matope mpaka kumsewu wa ku Liwonde. Mzere unali wautali, koma namwino wina wachikulire, wolankhula Chinyanja cha ku Likoma, ataona nkhope ya mwana anatitulutsa pamzere. Anamuika pa sikelo n'kunena kuti akulemera ngati khanda la miyezi iwiri. Dokotala anatsina khungu la pamimba, ndipo linakhala chiimire osabwerera. Anati m'thupi mwatha madzi, komanso mwana wakhala ndi njala kwa nthawi yaitali.

Mawu oti njala anandipweteka. Ndinatulutsa botolo kuti aone kuti mwana wanga amamwa mkaka wa kusitolo. Namwino uja analitenga, n'kuvula kamphira koyamwira, n'kukatembenuza. M'kati munali zakuda zonanda. Anandinunkhiza, ndipo ndinatembenuza nkhope.

"Kumudzi akuti chiyani?" anafunsa.

Ndinayankha kuti akuti ndi tsempho.

"Tsempho la mwana wanu ndi ili ndagwirali," anatero.

A Faisoni anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja. Anayang'ana botolo lija nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kuti ndine ndithu. Ndinagula ndine."

"Munagula mwachikondi, bambo," anatero namwino. "Lowani muwodi muone. Si inu nokha."

Elube anamumeta mbali imodzi ya mutu, chifukwa m'manja mitsempha sinkaoneka, n'kumuika dilipi pamenepo. Inakhala masiku atatu. Kenako anamulowetsa kapaipi m'mphuno kodutsitsira mkaka wokonzedwa ndi anamwino, pang'onopang'ono, maola atatu alionse. Atachotsa kapaipiko ndinaphunzitsidwa kumumwetsa ndi kapu ndi sipuni, zimene zinkawiritsidwa nthawi iliyonse.

Moyo wa muwodi unali umodzimodzi tsiku ndi tsiku. M'mawa belu likalira tinkatuluka kuti akolope, anamwino n'kuyeza kutentha kwa ana. Dokotala ankadutsa cha m'ma teni, n'kuwerenga khadi lopachikidwa pabedi. Sikelo inali Lolemba ndi Lachinayi. Masana tinkaphika m'chisakasa cha odikirira odwala, ndipo nthawi yotsalayo tinkangokhala. Muwodimo tinalimo amayi angapo a mabotolo, ndipo sitinkakamba zambiri za nkhaniyi. Mwana wa pabedi loyandikana ndi lathu, wochokera ku Namasalima, anafika mochedwa kuposa ife. Anamwalira Lachitatu masana, ndipo pofika madzulo pabedipo panali pagona wina.

Pa sikelo yachiwiri Elube anatsika m'malo mokwera. Ndinafunsa chifukwa chake. Namwino anandifotokozera kuti kutupa kukuphwa, ndipo zimene zachokazo ndi madzi, osati mnofu.

Chinthu chimene sindinkakhulupirira chinali choti mkaka wanga ungabwerenso. Namwino uja analamula kuti ndizimuika mwana kubere nthawi iliyonse asanamwe za m'kapu, ngakhale musatuluke kanthu. Ankadonthezera mkaka pabere ndi sipuni kuti mwana azikoka. Mawere anachita zilonda, ndipo Elube ankakana, n'kumalira. Ine ndinauzidwa kudya mtedza ndi kumwa thobwa lambiri. Amayi anga ndiwo ankabwera nalo wapansi kuchokera kumudzi, ndipo za tsempho sanazitchulenso. Tsiku lachisanu ndi chinayi chiyambireni zimenezi ndinamva mwana akumeza. Ndinaitana namwino, iye anafinya n'kuona, kenako analemba pakhadi n'kupita kubedi lina.

Tinakhala m'chipatala milungu isanu. Sabata yomaliza tinkaphunzira kuphika phala lothira nsinjiro, dzira kapena masamba osinja. Tsiku lotuluka dokotala anati ndizibwera ndi mwana ku sikelo mwezi uliwonse, ndipo sindinaphonyepo. Titafika kumudzi, amalume sanapepese ndi pakamwa. Anabwera ndi tambala, n'kumupereka m'manja mwa a Faisoni, ndipo awiriwo anakamba za mvula. Ine ndinawapepesa a Faisoni ndi pakamwa, chifukwa ndinkagona nawo nyumba imodzi.

Mabotolo aja sanakhalitse m'dera lathu. Anamwino ankawadzudzula pa sikelo iliyonse, zitini zinakwera mtengo, ndipo patapita zaka zochepa akazi a aphunzitsi omwe aja ankayamwitsa m'tchalitchi ngati wina aliyense. Mkakawo pawokha si poizoni. Ndaonapo ana amasiye akukula nawo bwino, pamene wowalera walangizidwa kuchipatala, ali ndi madzi owiritsa, ndipo sakuchepetsa muyezo. Ine ndinalibe chilichonse mwa zimenezi, ndiponso ndinalibe chifukwa chosiyira kuyamwitsa.

Elube anachedwa kuyenda, anayamba ali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mpaka lero ndi wamfupi kuposa abale ake onse asanu. Kupatula apo ali bwino. Amalima mpunga, ali ndi ana anayi ndi zidzukulu, ndipo amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi basi. A Faisoni anatisiya atakalamba, ukwati wathu uli chilimbire.

Kwa amayi achitsikana ndinena izi. Chakudya chatsopano chikabwera, aliyense n'kumachitama, kafunseni kaye kuchipatala musanachiike m'kamwa mwa khanda. Mwana akatsekula m'mimba, akayamba kusanza, kapena liwombo likalowa, nyamukani tsiku lomwelo, ndipo musasiye kumuyamwitsa m'njira. Ine ndinadikira masiku khumi ndi atatu, ndipo dokotala anati tikanawonjezera awiri sakanatha kuchitapo kanthu. Ngati pali wina wofunika kufunsidwa mafunso pakhomo, adzafunsidwa mwana atachira.