Msuku Umene Sanaupake Laimu

Ntchito yanga ndi yojambula mapulani a malo opumulirako anthu mumzinda muno wa Mzuzu. Ndinaiphunzira ku koleji, ndipo ndinakhoza bwino. Koma ku kolejiko palibe anandiuza kuti moyo wa mtengo ungadalire ndowa ya laimu ndi burashi. Zimenezo ndinaziphunzira chaka chimene mkazi wanga anamwalira.

Pakati pa Katoto ndi m'tauni panali kamalo kena kamene kanangokhala tchire kwa nthawi yaitali. Anthu ankadulirapo njira, ena ankatayapo zinyalala. Komiti ya anthu a m'deralo inagwirizana ndi ofesi yathu kuti pakhale paki yaing'ono: kapinga, mabenchi, katungwe wa ana, mpopi ndi chimbudzi. Yojambula anapatsa ine.

Pamalopo panali mitengo ya jakaranda ndi paini imene wina anabzala kale m'mizere. Chapambali, pafupi ndi kanjira ka anthu, panali msuku umodzi. Umenewo sanabzale munthu. Unali wotsalira wa nthawi imene nkhalango ngati ya ku Kaning'ina inkafika mpaka kuno. Unali wopindika, wa masamba akuluakulu okhakhala, ndipo muzu wake umodzi unatumphuka pamwamba pa nthaka ngati mpando.

Mkazi wanga anali mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo ankadutsa pamenepo tsiku lililonse. Mtima utayamba kumuvuta, sankathanso kuyenda ulendo wonse osapuma. Ankakhala pa muzu uja mpaka mpweya ubwerere, kenako n'kupitirira. Ntchito anakana kusiya. Ankati bola msuku ulipo, kusukulu akafika.

Lamlungu lina masana ndinayala pulani yanga patebulo. Iye anaiyang'ana nthawi yaitali, chibwano chili m'manja.

"Abwana a mapu," anatero, "njira yanuyi mwaiwongola ndi rula. Munaonapo munthu wa ku Katoto akuyenda ndi rula?"

Ndinamuuza kuti njira yowongoka ndi imene imaoneka bwino.

"Imaoneka bwino kwa ndani? Kwa khwangwala? Ifetu timayenda pansi. Nanga mtengo wanga mwauika pati?"

Papepalapo panalibe. Ndinachita manyazi. Ndinafufuta njira yonse n'kuijambulanso, ikutsata mmene mapazi a anthu anaperesera udzu, ikukhota kuzungulira msukuwo. Pa mtengowo ndinalembapo mawu akuti usadulidwe. Iye anatenga cholembera chake chofiira chochongera ana n'kuchongapo.

Tsono ndifotokoze mmene timagwirira ntchito. Pulani siipita kumalo a ntchito. Imakhala m'kabati, kuopa mvula ndi matope, ndiponso ambiri mwa ogwira ntchito sanaphunzitsidwe kuiwerenga. Chimene chimachitika n'chakuti wojambula amapita ndi kapitawo, atanyamula ndowa ya laimu. Mtengo uliwonse woti utsale amaupaka kuyambira pansi kulekeza m'chiuno. M'mawa mwake odula amabwera n'kugwetsa chilichonse chimene sichinayere. Njira imeneyi ndinaipeza, ndipo sindinaionepo vuto.

Ine ndi kapitawo tinapangana kuti tikapake Lachinayi. Mkazi wanga anamwalira Lachiwiri.

Za masiku amenewo sindilemba zambiri. Tinakamuika kwawo ku Nkhata Bay, ndipo ndinakhala kumeneko milungu ingapo. Anzanga a ku ofesi anabwera, a komiti anabweranso. Ananyamula nawo bokosi, anaimba nawo nyimbo, anandigwira dzanja mmodzimmodzi. Za mtengo sindinazikumbukire. Tchimo limenelo ndi langa, ndipo ndimalivomera. Koma foni inali m'thumba mwanga masiku onsewo, ndipo palibe anandiimbira kufunsa.

Nditabwerera ku Mzuzu ndinkapewa njira ija. Ndinkakwera minibasi ngakhale ulendo woti n'kuyenda pansi. Tsiku lina wapampando wa komiti, bambo wachikulire amene anapuma pa ntchito ya m'boma, anabwera ku ofesi.

"Monire, adada. Tiyeni, pali kanthu kakang'ono koti mukaone."

Titafika ndinapeza anthu atasonkhana, akumwetulira ngati anthu obisa mphatso. Anandipatukira. Kutsogolo kwanga kunali benchi yatsopano ya simenti, ndipo pa nsana pake anakhomapo kachitsulo kolembedwa kuti ndi chikumbutso cha aphunzitsi, mkazi wanga. Dzuwa linali kuwomba pa benchiyo popanda chotchinga. Pambali pake panali chitsa, chodulidwa bwino ndi makina, utuchi udakali m'mbali.

"Amayi ogulitsa nthochi ndi amene anatiuza kuti madamu ankakonda kukhala pano," anatero wapampando. "Ndiye tinati asamakumbukidwe ndi muzu. Akumbukidwe ndi chinthu chooneka."

Onse anali kundiyang'ana. Ndinathokoza, "Yewo chomene." Anaomba m'manja.

Mpaka lero ndimadana ndi mawu awiri amenewo. Anatuluka okha, mmene ndinaleredwera.

Anthu atabalalika ndinamufunsa kapitawo, munthu wamfupi wa imvi amene wagwira ntchito ya m'mapaki kuyambira ine ndisanayambe sukulu.

"Mtengo uja unapita kuti?"

"Unalibe laimu, bwana."

"Anapaka ndani?"

Analoza wapampando ndi mlomo. Wapampando anayandikira, n'kundigwira paphewa.

"Tinapaka ya m'mizere, adada. Imeneyo ndiyo yobzala. Msuku ndi wa m'tchire, ndipo paki si tchire. Komanso mukudziwa nyengo ya masuku mmene ana amagendera. Mwala ukanadzagwera mlendo."

Ndinati papulani panalembedwa kuti usadulidwe.

"Pulaniyo inali m'kabati mwanu, makiyi munali nawo kumaliro. Mumafuna tikupempheni makiyi kumanda? Namfedwa savutitsidwa ndi zantchito. Ife tinaleredwa."

Ndinayang'ana dzanja lake paphewa langa mpaka analichotsa. Anthuwa ankadziwa pamene mkazi wanga ankakhala. Anafunsa, anafufuza, anapapeza ndendende. Koma palibe mmodzi amene anadzifunsa chifukwa chake munthu wodwala mtima angasankhe kukhala pamenepo osati pena. Anadula mthunzi kuti apeze poika mpando. Ndipo anachita zimenezi mondilemekeza, moti panalibe woti ndimukalipire. Mkwiyo wotere sutuluka. Umangokhala m'chifuwa ngati chakudya chosagayika.

Ndinasiya kukwera minibasi. Ndinayamba kudutsa pamenepo m'mawa uliwonse, ndikuganiza kuti mwina pofuna kudzilanga. Pa benchi ija sipankakhala munthu. Masana inkatentha, mvula ikagwa inkasunga madzi pakati. Njira anaiwongola ndi chingwe, ndipo anthu anali atayamba kale kuperesa ina pa kapinga watsopano, momwe munkadutsa yakale.

Mvula itakhazikika, m'mawa wina ndinaona timasamba tofiirira m'mbali mwa chitsa. Ndinagwada. Zinali mphukira zinayi, zaubweya, zotalika ngati chala. Ndinachedwa ku ntchito tsiku limenelo. Sindinauze munthu, kuopa kuti wina angazichitire ulemu.

Mphukirazo zinali zitafika pa bondo pamene kunabwera uthenga woti paki itsegulidwa, ndipo kudzabwera mlendo wolemekezeka. Komiti inaitanitsa msonkhano wokonzekera. Anakambirana za matenti, za amene adzapemphere, za kiyi wa chimbudzi amene ankasungidwa kunyumba kwa wapampando kuti anthu asachiwononge chisanatsegulidwe. Kenako mlembi anawerenga mfundo yotsatira: chitsa chili pafupi ndi benchi ya chikumbutso chikunyansitsa malo, chiotchedwe Lachisanu, mwambo usanachitike Loweruka.

Ndinaimirira. Pulani ndinali nditabwera nayo. Ndinaitambasula, n'kuwaonetsa mawu aja ndi chochonga chofiira pambali pake. Ndinafotokoza modekha kuti msuku umaphukanso, kuti mizu yake ndi yamoyo, kuti mbali imeneyo ya paki ilibe mthunzi wina uliwonse, ndipo okalamba ndi odwala amafuna popumira. Ndinalankhula monga munthu wa ntchito yake. Dzina la mkazi wanga sindinalitchule.

Anandimvetsera mitu ili chopendekera. Mayi wina anapukuta m'maso.

"Tikumvetsa, adada," anatero wapampando. "Chisoni sichitha msanga. Khalani pansi, mupume."

"Sindikunena za chisoni. Ndikunena za mthunzi."

"Inde, inde. Pepani chomene. Mlembi, tipitirire."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti chiyambire maliro aja ndinali ndisanamvedwepo. Chilichonse chimene ndinkanena chinkasanduka kulira chisanafike m'makutu mwawo. Ndikanawauza kuti denga likugwa, akanandipatsa madzi akumwa. Ndinapinda pulani yanga n'kukhala pansi.

Kukamabwera mlendo, chilichonse chimapakidwa laimu: miyala ya m'mbali mwa njira, mitengo, ngakhale mizati ya mpanda. Ntchito imeneyo inali ya Lachinayi. Ndinafika m'mawa ogwira ntchito akusungunula laimu mu mgolo, pambali ataunjika kale matayala akale ootchera chitsa mawa lake. Ndinavula jekete. Ndinatuta miyala imene inatsala pomanga njira, n'kuizunguliza pa chitsa. Kenako ndinatenga ndowa ndi burashi m'manja mwa bambo wina amene anangondipatsa ali kukamwa yasa.

Ndinapaka miyala yonse. Ndinapakanso khungwa la chitsacho kuzungulira, mosamala kuti laimu asakhudze mphukira. Kapitawo anabwera n'kuima kumbuyo kwanga.

"Bwana, chitsa sichipakidwa."

"Analamula ndani?"

Anakanda m'mutu. "Palibe. Kungoti sitinachitepo."

"Lero tachita. Mawa muotcha?"

Anayang'ana chitsa choyeracho nthawi yaitali. Wina mwa anthu ake anaseka, n'kunena kuti abwana asanduka apenta, thalauza yonse yayera. Kapitawo sanaseke.

"Ine chiyambire ntchito sindinagwetsepo chinthu cha laimu," anatero. Anatembenuka n'kukuwa, "Chotsani matayalawo apa!"

Wapampando anafika dzuwa litakwera. Ataona, nkhope inasintha.

"Kodi ichi n'chiyani? Komiti inagamula! Akapitawo, mawa chimenechi chipse."

"Adada, chapakidwa."

"Ndiye chiyani? Kandani laimuyo!"

"Mukande ndinu, adada, burashi ya waya iyo ili apo. Ine ndikaotcha chopakidwa lero, mawa anthu angawa ndidzawauza chiyani? Adzagwetsa jakaranda wanu yense, n'kumati laimu alibe ntchito."

Wapampando anandiyang'ana. Ndikuganiza kuti ankadikira kuti ndipepese, kapena ndilire kuti apeze pondikhululukira. Ndinapitiriza kutsuka burashi. Anaima kanthawi, anayang'ana burashi ya waya ija ndi nsapato zake zopolishidwa, kenako ananyamuka kukaona za matenti.

Loweruka mlendo wolemekezeka anadula riboni. Pozungulira paki anaima pa miyala yanga, n'kufunsa kuti ichi n'chiyani. Wapampando anayankha msanga kuti komiti inaona chanzeru kusamalira mitengo yachilengedwe. Mlendoyo anayamikira kwambiri, anthu anaomba m'manja, ndipo anajambulitsa pomwepo. Ine ndinali kumbuyo. Nthawi ino sindinanene yewo.

Sindikunyadira zimene ndinachita. Pepala limene ndinalijambula ndi maphunziro anga onse, limene mkazi wanga analichonga ndi dzanja lake, silinathe kuteteza mtengo wamoyo. Ndowa ya laimu inateteza chitsa. Ku ofesi ndinapempha kuti pulani izikhala ndi kope lina kwa kapitawo, ndipo ine ndizimufotokozera tisanayambe ntchito. Anati ndi ganizo labwino, alikambirana. Sanalikambiranebe. Makiyi a kabati ndimawasiya pa msomali tsopano, poonekera aliyense.

Mwa mphukira zinayi zija, ziwiri zinauma, ina inathyoledwa. Yatsala imodzi, ndipo yandifika m'chiuno. Msuku sufulumira. Mwina podzafika poti munthu akhale pamthunzi wake ine ndidzakhala ndi imvi ngati za kapitawo. Pa benchi ija sindinakhalepo.

Mvula ya kuno sichedwa kutsuka laimu, ndipo chinthu chikangoyamba kuda chimabwereranso kukhala tchire m'maso mwa anthu. Ndiye ndili ndi ndowa yangayanga ndi burashi kuseri kwa chitseko. Miyala ikayamba kuthimbirira ndimapita Loweruka m'mawa kukapakanso. Amayi ogulitsa nthochi amandipatsa moni, ena amanong'onezana kuti bambo uja chisoni sichinamuthere. Ndimapaka mwala uliwonse mpaka uyere moti ngakhale munthu wa komiti auone.